Ndalama za gitala yamagetsi zimathera pati?

Magetsi anafika m'boma la Rumphi gitala yamagetsi isanabadwe n'komwe. Mu 1905 mishoni ya Livingstonia ku Khondowe inayamba kuyatsa mababu ndi mphamvu ya madzi a mtsinje wa Manchewe, pomwe gitala yoyamba yokhala ndi maginito otola mawu inapangidwa ku Los Angeles mu 1931 ndi George Beauchamp, n'kuyamba kugulitsidwa chaka chotsatira ndi kampani imene lero imadziwika kuti Rickenbacker. Pamishoni pomwepo, ku Overtoun Institution, anyamata ankaphunzira ukalipentala ndi ntchito zina zamanja. Luso la matabwa ndi luso la mawaya, zinthu ziwiri zimene gitala yamagetsi imadalira, si zachilendo m'bomali. Komabe kwaya ya ku Bolero kapena bandi ya achinyamata ku Mhuju ikasonkha ndalama za gitala, maso onse amaloza ku Mzuzu, ku Dar es Salaam, kapena kwa m'bale amene ali ku Joni.

Wotumidwa kukagula amakapeza zozunguza mutu. Magitala awiri apachikidwa pakhoma limodzi, maonekedwe ndi amodzi, onse a nsambo zisanu ndi imodzi, koma mitengo yake yatalikirana zedi. Kampani ya Fender yokha imagulitsa gitala ya Stratocaster pa mitengo inayi yosiyana. Ya dzina la Squier, yopangidwa ku China kapena ku Indonesia, imayambira cha m'ma madola 200 a ku America. Yochokera kufakitale ya Ensenada ku Mexico ili cha m'ma 800. Ya ku Corona m'chigawo cha California imayambira cha m'ma 1,500, ndipo ya ku Custom Shop, nthambi imene inatsegulidwa mu 1987 kuti izipanga gitala monga mwini akufunira, imadutsa 4,000. Palinso magitala amene anthu amalipira chifukwa cha manja amene anawagwira basi. Stratocaster yakuda ya David Gilmour wa bandi ya Pink Floyd inagulitsidwa pa madola 3.975 miliyoni mu 2019.

Kusiyanaku kwambiri kumachokera ku malipiro a antchito. Masiku ano makina oyendetsedwa ndi kompyuta ndi amene amadula matabwa a gitala, kaya ku Indonesia kaya ku California, ndipo amadula mofanana. Chimene chimadya ndalama ndi maola amene munthu amakhala akupala khosi la gitala ndi manja, kusalaza tizitsulo topingasa pakhosipo totchedwa mafureti, ndi kupaka penti kangapo. Kenako pamabwera ubwino wa zitsulo, ndipo pamapeto pake dzina lolembedwa pamutu pa gitala. Pakati pa ya 200 ndi ya 800, zala za woimba zimamva kusiyana. Kupitirira apo, nyimbo ikadutsa mu ampulifaya ndi m'masipika a m'tchalitchi, ndi anthu ochepa kwambiri amene khutu lawo lingauze kuti iyi ndi ya ku Mexico, iyo ndi ya ku America.

Kuno kwathu mtengowo umakwerera panjira. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika pa K1,700. Gitala ya madola 200 inachoka pa K236,000 kufika pa K340,000 usiku umodzi, isanakwere basi, isanalipiridwe msonkho pachipata cha Songwe kapena Mwanza, wamalonda asanaikepo phindu lake. Mlimi wa fodya wa m'chigwa cha Nkhamanga amene akufuna kugulira mwana wake chida choterechi amaŵerengera mabelo.

Akuyeneranso kusamala ndi dzina la pamutu lija, chifukwa ndi losavuta kunamizira. Mu November 2024 akuluakulu oona za msonkho ku America analengeza kuti agwira magitala abodza oposa 3,000 olembedwa Gibson padoko la Los Angeles ndi Long Beach. Gitala yatsopano yolembedwa Fender kapena Gibson imene ikugulitsidwa pamtengo wa Squier ndi yabodza, palibe kukayika. Bola Squier, Yamaha Pacifica kapena Cort yeniyeni, ngakhale yakaunjika, kusiyana ndi dzina lalikulu lomatidwa pa chinthu chosachunika.

Chimene ambiri sadziŵa n'chakuti gitala yotchuka kwambiri padziko inapangidwa ndi munthu wokonza mawailesi. Leo Fender anali ndi kashopu kake ku Fullerton, California, ndipo iyeyo sankatha kuimba gitala. Oimba ankabwera ndi zida zakufa kuti awakonzere, ndiye anaganiza ngati mmisiri: chida chizikhala chosavuta kumasula. Gitala yake ya 1950, imene mu 1951 inapatsidwa dzina lakuti Telecaster, inali thabwa losabowola m'kati, khosi lomangidwa ndi masikuluwu anayi, ndi mawaya ofikirika ukangochotsa kachitsulo kamodzi. Khosi likapindika, umamasula n'kuika lina. Stratocaster inatsatira mu 1954 pa mtengo wa madola 249.50. Kampani ya Gibson inatenga njira ina ndi gitala ya Les Paul mu 1952: khosi lomata ndi guluu, thupi lolemera la matabwa a mitundu iŵiri, pamwamba posemedwa. Ndi yokongola, koma mutu wake ukathyoka ntchito yake ndi yaikulu. Kwa bandi imene zida zake zimayenda pa lole m'misewu ya fumbi ya ku Hewe, kapena kutsika mapiri a Chiweta, khosi la masikuluwu ndilo lanzeru.

Mawu a gitala yamagetsi amabadwira m'kabokosi kali kunsi kwa nsambo, kamene oimba amati pikapu. M'kati mwake muli timaginito tisanu ndi kamodzi, tozengedwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, m'wayamo mumabadwa kamphamvu kakang'ono ka magetsi kamene ampulifaya amakakuza. N'chifukwa chake nsambo za nayiloni siziŵerengedwa pa gitala imeneyi, pomwe waya wa mabuleki a njinga, uja ana amamanga pa banjo ya chigubu, ungamveke bwinobwino.

Mapikapu alipo a mitundu iŵiri ikuluikulu. Ya mzere umodzi, ya pa Stratocaster, imatulutsa mawu owala, olekana nsambo ndi nsambo, koma imatolanso kulira kwa magetsi a m'nyumba, kung'ung'udza kuja kumamveka m'masipika oimba akangosiya kuimba. Ya mizere iŵiri, yotchedwa humbucker, anaipanga Seth Lover wa ku Gibson ndipo inayamba kuikidwa pa magitala mu 1957. Mizere yake inazengedwa mosemphana kuti phokoso la wina lizimitse la mnzake, ndipo mawu ake ndi onenepa. Kumene magetsi amachokera ku jenereta kapena ku invetala ya sola yotchipa, monga zilili m'midzi yambiri ya Rumphi, humbucker imapulumutsa mapemphero ku phokoso.

Koma khutu la kumpoto linaleredwa ndi mawu owala aja. Nyimbo za ku Congo ndi za ku Tanzania zakhala zikumveka m'mawailesi ndi m'mabasi a mumsewu wa M1 kwa zaka zambirimbiri, ndipo gitala ya lidi m'makwaya ambiri imayenda m'mapazi a oimba a ku Congo, Franco Luambo ndi Dr Nico, kudontha nsambo imodziimodzi pamwamba pa khosi. Mtebeti Wambali Mkandawire, mwana wa ku Mlowe m'mphepete mwa nyanja, anabadwira ku Congo komweko mu 1952, anaimba mu bandi ya Sounds Pentagon ku Blantyre, ndipo pa chimbale chake cha Zani Muwone cha 2002 anasonyeza kuti nyimbo za Chitumbuka zingakhale bwino pamodzi ndi zida zamagetsi za jazi. Anamwalira mu January 2021. Wofuna kuimba mayendedwe oterewa akuchita bwino akasankha gitala yosakaniza, ya mapikapu aŵiri a mzere umodzi ndi humbucker imodzi kumunsi, monga Yamaha Pacifica 112 ilili.

Pogula, malo oyamba kuyang'ana ndi khosi, penti ibwere pambuyo. Wogula aike diso pamutu pa gitala n'kuyang'ana motsata khosi lonse, aone ngati lapotoka. Akanikize nsambo iliyonse pa fureti iliyonse, amve ngati pena pakulira zii kapena pakufa. Ayendetse chala m'mbali mwa khosi, aone ngati nsonga za mafureti zikubaya. Pa fureti ya 12, mpata wa pakati pa nsambo ndi chitsulo uzikhala pafupifupi mamilimita aŵiri, ndipo nsambo yokanikizidwa pamenepo izipereka mawu omwe aja a nsambo yosagwira, kungoti okwera. Ngati sizikugwirizana, pali timasikuluwu kumunsi kwa gitala tosunthira pokhala nsambo iliyonse. Magitala ambiri amene anthu amati ndi achabechabe amakhala oti palibe anawakhudzapo timasikuluwu timeneti chichokereni kufakitale.

Nyengo ya Rumphi imawonjezera ntchito. Ku Mlowe ndi ku Chitimba kuli kutentha ndi chinyezi cha nyanja, kumene nsambo ndi makiyi ochunira zimachita dzimbiri msanga. Ku Khondowe ndi m'mapiri a Phoka kuli chisanu ndi nkhungu, pomwe chigwa cha Henga chimauma gwa mu October. Thabwa limafufuma ndi kunyala motsata nyengo, ndiye khosi limene linali lowongoka mu June likhoza kukhota mvula ikayamba. M'kati mwa khosi muli ndodo yachitsulo yolimbana ndi kukoka kwa nsambo. Imapotozedwa ndi kiyi pang'onopang'ono, kotala ya mzungulire pa nthawi imodzi, kenako n'kudikira thabwa limve. Woipotoza mwamphamvu amaithyola, ndipo khosi lonse latha.

Kusintha gitala kuti imvere mwini wake si nkhani yatsopano kwa Amalawi. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1947 mpaka 1987, ankaimba gitala ya nsambo zisanu atachotsapo imodzi, ndipo anali ndi machunidwe akeake amene katswiri wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anawalemba m'mabuku. Yosefe Kalekeni wa Madalitso Band amaimba ya nsambo zinayi, ndipo Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, boma loyandikana ndi Rumphi, anafika m'maiko a ku Ulaya ndi babatoni ya nsambo imodzi yodzipangira. Ku Congo, oimba rizimu monga Lokassa ya Mbongo ankachotsa nsambo yachinayi n'kuikapo yopyapyala yolira pamwamba, kuti nyimbo izimveka ngati magitala aŵiri. Eddie Van Halen ku America anagula thupi ndi khosi zotchipa, n'kugoba yekha malo oikapo humbucker ya Gibson pa thupi la mtundu wa Fender, ndipo mafakitale pambuyo pake anayamba kutengera zomwezo.

Pa gitala yotchipa, kusintha kopindulitsa ndi kwa zinthu zosaoneka. Makiyi ochunira abwino amathetsa vuto la gitala yosokonekera nyimbo ili pakati. Polowetsa chingwe, pamene nthawi zambiri pamayambira kuthetheka, pamangofuna kumanga nati ndi kuwotcherera waya ndi mtovu, ntchito ya mphindi zochepa kwa aliyense wokonza mawailesi pa Rumphi boma. Kuyala pepala la aluminiyamu m'mabowo a mawaya n'kulilumikiza ku waya wa pansi kumachepetsa kung'ung'udza. Kusintha mapikapu kubwere pomaliza, ndipo ngati ampulifaya ndi yofooka ndalamazo zipite kumeneko kaye.

Pa ampulifaya pali nkhani ya moyo. Magetsi a m'Malawi ndi a 230 volts, pomwe zida zochokera ku America zambiri ndi za 120, ndipo zikalumikizidwa popanda thiransifoma zimapsa nthawi yomweyo. Choopsa koposa ndi chizoloŵezi chochotsa phini lachitatu la pulagi kapena kusomeka mawaya osavala m'soketi. Nsambo za gitala ndi zolumikizidwa ku waya wa pansi wa ampulifaya, ndiye waya umenewo ukasoŵa kopita, magetsi otayika amadutsa mwa woimba. Keith Relf, amene anali woimba wa bandi ya Yardbirds, anafa chomwechi kunyumba kwake mu 1976 akuimba gitala.

Nanga kupanga gitala ku Rumphi konkuno? Thupi lake silingagonjetse kalipentala wodziŵa ntchito. Mbawa yathu ndi ya m'banja la Khaya, matabwa omwewo amene makampani akunja amagula ku Africa n'kumawatamanda pa magitala odula. Koma mbawa ndi mlombwa ndi mitengo yotetezedwa imene yatha kale m'nkhalango zambiri, ndipo mu 2022 mgwirizano wa maiko wa CITES unaika Khaya ndi Pterocarpus (banja la mlombwa) za mu Africa pa mndandanda wa malonda oyang'aniridwa. Palibe chifukwa chogwetsera mtengo wamoyo kaamba ka gitala. Brian May wa bandi ya Queen ndi bambo ake anasema khosi la gitala yawo yotchuka kuchokera ku thabwa lakale la pamoto wa m'nyumba mu 1963, ndipo chitseko chakale cha mbawa kapena benchi yothyoka, zouma kwa zaka makumi, ndi zabwino kuposa thabwa lochekedwa dzulo. Paini wa ku Chikangawa nayenso ndi wokwanira, pakuti magitala oyambirira a Leo Fender ena anali a paini.

Povuta ndi pakhosi. Mafureti amakhala pa masamu osanyengerera: utali wa nsambo ugawidwe ndi 17.817 kuti upeze malo a fureti yoyamba, utali wotsalawo ugawidwenso chimodzimodzi, mpaka kumapeto. Pa gitala ya Fender, ya nsambo zotalika mamilimita 648, fureti yoyamba imakhala pa 36.4 ndipo ya 12 pa 324. Kuphonya ndi theka la milimita khutu limamva. Mmisiri woyamba kumene angachite bwino kutenga khosi la gitala yakufa, pamodzi ndi mapikapu ndi zitsulo zake, iye n'kusema thupi lokha. Ntchito yake yaikulu ikhala kugoba malo olowa khosi molimba osagwedera, ndi kuyeza kuti kuchokera pa fureti ya 12 kufika pokhala nsambo kumunsi pakhale mamilimita 324 omwe aja.