Masewera a Ana pa Ulendo Wautali wa Kumudzi

M'malokeshoni a mzinda wa Harare, monga Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara, muli mabanja ambiri amene makolo ao anacokera ku Malawi, ku cigawo ca kum'mawa ca Zambia ndi ku Tete. Sukulu zikatsekera m'mwezi wa December, kapena ukafika uthenga wa maliro, mabanja amenewa amamanga katundu nayamba ulendo wa kumudzi, ena pa basi, ena pa galimoto la iwo okha. Kucokera ku Harare kufika ku Blantyre podzera ku Tete pali mtunda wa makilomita pafupifupi 600, ndipo poonjezapo nthawi yodikira pa malire awiri, ulendowo umadya tsiku lonse, mwinanso kufikira usiku. Munthu wamkulu amapirira, koma mwana amatopa msanga, nayamba kulira kapena kukangana ndi mbale wace, ndipo phokosolo limagawa mtima wa woyendetsa galimoto pa mseu umene uli ndi malole akulu ambiri. Cifukwa cace kusangalatsa ana pa ulendo wotere ndi nkhani yoyenera kuiganizira banja lisananyamuke.

Njira ya makolo

Anthu oyamba kupita ku Southern Rhodesia kukafuna nchito m'migodi ndi m'mapulazi anayenda pansi masabata angapo, akugona m'chire ndi kuoloka Zambezi pa bwato. Pambuyo pace Boma la dzikolo linaika malole onyamula anthu ofuna nchito popanda malipiro, amene anthu anawacha Ulere. M'zaka za citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963, anthu a ku Nyasaland anali ocuruka mu Salisbury, mzinda umene unachedwa Harare m'caka ca 1982. Ambiri anakwatira komweko osabwereranso, ndipo kumudzi anawacha macona.

Galimoto zinali kuoloka Zambezi pa pantoni ku Tete kufikira pamene mlatho waukulu unatha kumangidwa m'caka ca 1973. Mlathowo tsopano uli ndi dzina la Samora Machel, ndipo wina waciwiri, wa Kassuende, unatsegulidwa m'caka ca 2014. Pa nthawi ya nkhondo ya mu Mozambique, imene inatha m'caka ca 1992, galimoto zinali kudutsa ku Tete mondondozana zikuperekezedwa ndi asilikari, ndipo mabanja ambiri anaopa kutenga ana. Ena analepheranso kuyenda cifukwa ca kusowa mapepala, pakuti lamulo la mu 1 Zimbabwe la m'caka ca 2001 linabvutitsa anthu obadwa kwa makolo a kunja, kufikira pamene malamulo atsopano a dzikolo a m'caka ca 2013 anabvomereza kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo la m'maiko oyandikana nao a kumwera kwa Africa ndi nzika. Kotero alipo ana ambiri, ndi makolo ao omwe, amene amalankhula Cishona ndi Cingerezi bwino lomwe, koma Cinyanja amangocimvera patali. Mwana wotere akafika kumudzi amaima pamaso pa agogo ace ngati mlendo wosadziwa kuyankha moni. Maola a pa mseu angathe kucepetsa bvuto limeneli ngati masewera asankhidwa mwanzeru.

Cimene cimabvuta mwana m'galimoto

Mkati mwa khutu la munthu muli ziwalo zazing'ono zimene zimamuuza ngati thupi likuyenda, likukhota kapena laima. Mwana akaweramira buku kapena foni galimoto liri kuthamanga, maso ace amaona cinthu cosayenda pamene khutu likumva kugwedezeka, ndipo kusagwirizana kwa ziwirizi kumabweretsa cizungulire, mseru ndi kusanza. Bvutoli limagwira kwambiri ana a zaka zoyambira 2 kufikira 12. Tsono masewera abwino a m'galimoto ndi amene amacititsa mwana kuyang'ana kunja, makamaka kutsogolo ndi kutali, kapena ongofuna pakamwa ndi makutu. Bawo, amene ku Zambia ali ndi mbale wace nsolo ndi ku Zimbabwe tsoro, ali ndi maenje 32 ndi njere 64, ndipo galimoto likagunda dzenje limodzi njere zonse zimamwazika. Ameneyo asungidwe kufikira pa khonde la kumudzi.

Masewera a maso

Kucokera ku Harare mseu umadzera ku Murehwa ndi ku Mutoko, dziko la mapiri a miyala yosanjikizana, kumene amai amagulitsa matimati ndi mango m'mbali mwa njira. Pano ana angathe kupikisana kuwerenga. Wokhala ku zenera la kumanja awerenge mbuzi za mbali yace, wa kumanzere awerenge za mbali yace, ndipo woyamba kufika pa khumi wapambana. Lamulo likhale lakuti kuwerengako kucitike m'Cinyanja: mbuzi imodzi, mbuzi ziwiri, zitatu, zinai, zisanu, zisanu ndi imodzi. Mseu ukatsikira ku dziko lotentha la ku Nyamapanda ndi ku Changara, milambe imacuruka, ndipo ana asinthe nayambe kunena kuti mlambe umodzi, milambe iwiri, itatu. Mwana amene wawerenga mbuzi ndi milambe waphunzira yekha kuti liu la ciwerengero limasintha potsata dzina la cinthu, phunziro limene m'kalasi limatenga masiku.

Ana a sukulu okulirapo apatsidwe masamu a pa mseu. Zikwangwani zimanena mtunda wotsala. Kucokera ku Harare kufika ku Nyamapanda ndi makilomita pafupifupi 240. Ngati galimoto liyenda makilomita 80 pa ola, lidzafika pa malire patapita maola angati? Mwana amene wapeza yekha kuti ndi maola atatu amaleka kufunsa kawirikawiri ngati afika. Angathenso kufunafuna malembo osonyeza dziko pa malole: ZW ndi Zimbabwe, MW ndi Malawi, Z ndi Zambia, MOC ndi Mozambique, ZA ndi South Africa.

Masewera a mau

Cishona ndi Cinyanja ndi zinenero za pa cibale, ndipo ici cimapepuza nchito. Mai achule cinthu cimene cikuoneka pa zenera m'Cishona, mwana ayankhe m'Cinyanja: mombe ndi ng'ombe, huku ndi nkhuku, imba ndi nyumba, gomo ndi phiri, rwizi ndi mtsinje, muuyu ndi mlambe. Wolephera katatu aimbe nyimbo kapena afotokoze nthano. Pali mau ena amene amasokeretsa. M'Cishona liu lakuti mvura limatanthauza madzi akumwa ndi ogwa kumwamba omwe, koma mwana wopempha mvula kwa agogo ace kumudzi adzasekedwa ndi anzace. Ayenera kupempha madzi. Nkwabwino kuti aseke za ici ali m'galimoto pamodzi ndi amai ace kusiyana ndi kucita manyazi pa bwalo.

Pakati pa Nyamapanda ndi Zobue zikwangwani ziri m'Cipwitikizi, ndipo anthu a ku Tete amalankhula Cinyungwe, cimene munthu wodziwa Cinyanja amamvako mau ambiri. Ana angathe kuphunzira kunena bom dia popereka moni wa m'mawa ndi obrigado pothokoza, ndi kuchera khutu pa msika kuti apeze mau ofanana ndi a kwao.

Zirapi ndi nthano

Dzuwa likakwera ndi maso atatopa, yafika nthawi ya zirapi, zimene ena amati ndagi, ndipo Ashona amati zvirahwe. Wofunsa amati, "Cirapi!" ndipo onse amayankha kuti, "Nacize!" Zirapi zakale nzabwino, koma ana amakondwera koposa akaloledwa kupanga zao za pa mseu. Wina angati, "Ng'ombe ya atate imamwa koma sidya udzu," ndilo galimoto. Wina angati, "Njoka yanga yakuda mcira uli ku Harare, mutu uli ku Blantyre," ndiwo mseu wa tara. Winanso angati, "Mkulu wonenepa waima cadodolido," ndiwo mlambe, pakuti m'cilimwe nthambi zace zopanda masamba zimaoneka ngati mizu. Popanga cirapi mwana amayamba wapenyetsetsa cinthu, nafuna cina cofanana naco, ndipo nzeru zace zimagwira nchito thupi liri phee pa mpando.

Nthano makolo anali kuzikamba madzulo pa moto, ndipo masana anali kuziletsa pakuti inali nthawi ya nchito. M'galimoto mulibe munda woti ulimidwe, kotero palibe colakwa. Wokamba akati, "Padangotero," omvera amabvomera kuti, "Tiri tonse," monga momwe ana a ku Harare amayankhira kuti dzepfunde pa ngano za Cishona. Kubvomerako kuli ndi phindu, cifukwa mwana amene akudikira nthawi yace yoyankha sakhala ndi mpata wotsina mnzace. Njira ina ndi yakuti mai ayambe nthano ya kalulu ndi fisi, aileke pakati, mwana woyamba aonjezepo, waciwiri apitirize, kufikira wotsiriza aimalize.

Masewera a cibale

Masewera opambana onse acitike galimoto litaoloka Zambezi, likukwera ku Moatize, dziko la malasha, kulinga ku Zobue. Tate kapena mai afunse kuti, "Mlongo wa amai ako wamwamuna umamuchula kuti ciani?" Mwana ayankhe kuti atsibweni kapena amalume. Mlongo wa atate ndi azakhali. Mng'ono wa amai ndi amai aang'ono. Ana a atsibweni ndi a azakhali ndi asuweni, amene munthu amaseka nao momasuka. Pakati pa Acewa atsibweni ndiwo mwini mbumba, woyang'anira ana a alongo ace, ndipo mwana ayenera kudziwa ici asanawaone. Afunsidwenso mfunda wace, kaya ndi Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe, ndi dzina la mudzi ndi la mfumu, pakuti amenewa ndiwo mafunso oyamba amene akulu adzamufunsa.

Pambuyo pace ayeseze kufika. Mmodzi akhale agogo, wina akhale mlendo wonena kuti, "Odi!" Agogo afunse kuti, "Mwayenda bwanji?" ndipo mwana ayankhe kuti, "Tayenda bwino, kaya inu agogo?" Akumbutsidwe kuti wamkulu samunena kuti iwe, kuti dzina lace limayamba ndi a, ndi kuti mphatso imalandiridwa ndi manja awiri. Mwambo umenewu sudzamubvuta mwana wa ku Mbare, popeza Ashona naonso amalemekeza akulu ndi mau oculukitsa. Cosowa ndi mau okha.

Pa malire ndi popumula

Pa malire a Nyamapanda ndi Cuchamano, ndi a Zobue ndi Mwanza, anthu amadikira nthawi yaitali pa mzere. Apa ana atuluke, aongole miyendo pafupi ndi makolo ao. Atsikana angathe kutola timiyala ndi kusewera phada, amene Ashona amati nhodo, pa malo a mthunzi otalikira malole. Mapasipoti akhale m'manja mwa wamkulu mmodzi. Mwana asasiyidwe m'galimoto lotseka ngakhale kanthawi kocepa, pakuti Tete ndi amodzi mwa malo otentha koposa m'cigawo cino, ndipo m'miyezi ya October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Mkati mwa galimoto lotseka kumaposa pamenepo, ndipo mwana angathe kufa. Madzi akumwa akhale okwanira. Cinanso, m'zaka za m'ma 1970 asilikari a Rhodesia anakwirira mabomba pansi m'mphepete mwa malire, ndi m'boma la Mudzi momwe muli Nyamapanda, ndipo nchito yowacotsa yatenga zaka zambiri. Masewera obisalirana m'chire la kumeneko aletsedwe ndithu.

Mabanja opita ku Chipata, Katete kapena Petauke podzera ku Chirundu ndi ku Lusaka ali ndi ulendo wotalikirapo, wopitirira makilomita 1,000 kwa ofika ku Chipata. Masewera ndi omwewo, koma zowerenga zimasintha: potsikira ku cigwa ca Zambezi kawirikawiri kumaoneka anyani ndi njobvu, ndipo pa Chirundu pali milatho iwiri, wa Otto Beit wa m'caka ca 1939 ndi watsopano wa m'caka ca 2002. Njobvu ziwerengedwe mazenera ali otseka ndi anthu onse ali m'kati.

Za woyendetsa

Woyendetsa galimoto asalowe m'masewera ofuna maso. Angathe kubvomera nthano kapena kumasulira cirapi, koma kuweruza mkangano wa amene waona mbuzi poyamba ndi nchito ya wamkulu wina. Ana akhale pa mpando wa kumbuyo atamanga malamba, osatulutsa mutu kapena dzanja pa zenera, ndipo galimoto liime kuti onse apumule pakapita maola awiri ali onse. Pa basi masewera acitike ndi mau otsika, polemekeza apaulendo ena amene afuna kugona. Ndi nzeru kusintha masewera ana asanatope nao, ndi kusunga nthano yokoma koposa kuti ikambidwe pa cigawo cotsiriza, kucokera ku Mwanza kukaoloka Shire pa Zalewa, pamene mdima wagwa ndipo kunja kulibe coona.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Ulendo umodzi sungaphunzitse mwana cinenero conse, koma mau makumi awiri kapena atatu, maina a abale ndi moni woyenera ndi zokwanira kuti agogo amukhazike pa mphasa pafupi nao ndi kuyamba kumuuza zotsalazo.