TSH yakwera, T4 ili bwino: pepala la chithokomiro likutanthauzanji?

Abale athu, ena mwa ife tinachokapo kuno ku Nkhotakota kukayezetsa magazi a chithokomiro ku Lilongwe, n'kubwerako ndi pepala lolembedwa TSH ndi Free T4, nambala ina itazunguliridwa ndi cholembera. Pakhomo mantha amayamba pomwepo.

Chithokomiro ndi kachiwalo ka kutsogolo kwa khosi kamene kamatulutsa T4, michere yoyendetsa liwiro la thupi. TSH sichokera m'khosi. Imachokera m'kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary, ndipo ntchito yake ndi kukuwira chithokomiro kuti chigwire ntchito. Taganizani za munthu woima pagombe akukuwira okoka khoka: akamakoka mwaulesi amakweza mawu, akamakoka mopitirira muyeso amangoti chete. N'chifukwa chake TSH imawerengedwa chobwerera. Ikakwera, kawirikawiri chithokomiro chafooka. Munthu amatopa, amanenepa, amadzimbidwa, amamva kuzizira ngakhale mu Okutobala. Ikatsika kwambiri, chikugwira ntchito mopyola; mtima umathamanga, manja amanjenjemera, munthu amawonda akudya bwino. Ma labu ambiri amaika malire pa 0.4 mpaka 4.0 mIU/L, koma muzitsatira amene alembedwa pa pepala lanu.

Zosokoneza zimabwera nambala ziwirizi zikapanda kugwirizana. TSH ikangokwera pang'ono, monga 6, T4 ili m'malire, dokotala nthawi zambiri sathamangira mankhwala; amati mubwerezenso pakatha miyezi iwiri kapena itatu, poti mwa ambiri imabwerera yokha. Sikuti wakunyalanyazani. Munthu amene wagonekedwa ndi malungo aakulu kapena chibayo nambala zake zimasokonekera ngakhale chithokomiro chili bwinobwino, ndipo akamachira TSH imatha kukwera kwa kanthawi. Mapiritsi a biotin, amene ena amamwera tsitsi ndi zikhadabo, amanamiza makina ena oyezera, choncho muwatchule musanapereke magazi. Koma TSH ndi T4 zikatsika zonse mwa munthu amene sakudwala china, pafunika kufufuza pituitary.

Mayi woyembekezera nkhani yake ndi ina. M'miyezi itatu yoyambirira TSH imatsika pang'ono mwachibadwa. Ikakhala yokwera asadikire, aonane ndi dokotala msanga, chifukwa nthawi imeneyi ubongo wa mwana umadalira T4 ya mayi.

Kwa amene akumwa kale levothyroxine, TSH yokwera kawirikawiri imachokera m'kamwedwe. Wina amadumphitsa masiku, kenako n'kumwa mosalekeza sabata yokayezetsa. T4 imaoneka bwino koma TSH imamuulula, poti imatenga masabata pafupifupi 6 kuti ikhazikike. Piritsili limafuna m'mimba mopanda kanthu, ndi madzi okha, mphindi 30 mpaka 60 musanadye, ndipo litalikirane maola 4 ndi mapiritsi owonjezera magazi a ku sikelo. M'mwezi wa Ramadhan apa m'pamene timapunthwa, tikalimezera limodzi ndi tiyi wamkaka ndi phala. Dzukani msanga mumwe daku isanakwane, kapena mumwe pogona patapita maola atatu chidyereni komaliza. Muyezo osausintha nokha.

Funso limene timamva kawirikawiri ndi lakuti, ife odya chambo ndi usipa tingasowe bwanji ayodini? Nsomba za m'nyanja yathu ndi za madzi opanda mchere, ayodini wake ndi wochepa poyerekeza ndi za m'nyanja yamchere. Komanso chinangwa chowawa chikapanda kuviikidwa mokwanira chimasiya m'thupi thiocyanate, amene amatchinga ayodini kulowa m'chithokomiro, khosi n'kuyamba kutupa. Kondowole sitikumuletsa ayi. Chinangwa chivikidwe mpaka chifewe, chiume bwino, ndipo mchere ukhale wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, wosungidwa m'chigubu chotseka kutali ndi moto.