Guluu yekha sagwira chitseko cha uvuni wa matabwa

Alendo akabwera kudzaona uvuni wathu woumitsira matabwa, maso awo amathamangira ku mafani ndi mapaipi a moto. Ine ndimawatengera kuchitseko. Matabwa ambiri amene ndawaona akuwonongeka pa ntchito imeneyi anawonongekera pamenepo, pa kampata koti ngakhale chala sichingalowe.

Ambiri amaganiza kuti ntchito ya uvuni ndi kutentha basi. Si choncho. Thabwa la paini longochekedwa kumene, ngati la ku Chikangawa, limatha kukhala ndi madzi olemera kuposa mtengo weniweniwo. Ife timafuna chinyezicho chitsike kufika pafupifupi 12 peresenti, kuti kalipentala akakhoma tebulo lisadzayasamule molumikizira. Koma madziwo ayenera kutuluka pang'onopang'ono. Masiku oyamba timasunga dala nthunzi m'katimo, kuopa kuti kunja kwa thabwa kungaume m'kati mukadali chinyontho. Chitseko chikamapuma, nthunzi imathawira kumwamba, mphepo yozizira n'kumalowera kunsi, ndipo matabwa oyandikana nacho amang'aluka kumapeto. Bulugamu ndiye sachedwa n'komwe.

Ndinaphunzira zimenezi ndi uvuni wanga woyamba. Ndinagula timizere ta siponji tomwe amaika m'mawindo a nyumba, n'kutimata ndi guluu uja amamatira nsapato. Chitseko chinatseka bwinobwino, mtima wanga n'kukhala m'malo. Patatha masiku anayi, kutentha kuli pa madigiri 70, ndinaona madzi akudontha pakona. Potsegula ndinapeza siponjiyo ikulendewera ngati chikopa chimene njoka yafundula, yaphwatalala osabwereranso, guluu akunanda ngati ulimbo. Matabwa onse a mzere wakutsogolo anali ndi ming'alu yotalika ngati chikhatho. Mwini wake anali atalipira kale, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Cholakwa changa chinali kuiwala kuti m'uvuni muli adani atatu pamodzi: kutentha, nthunzi, ndi asidi. Mtengo ukamatenthedwa umatulutsa asidi wofanana ndi wa mu viniga, yemwe amadya chitsulo, ndipo dzimbiri likayamba kunsi kwa guluu, guluuyo amasendeka nalo limodzi.

Mphira woyenera pamenepa ndi wa mitundu iwiri. Wa EPDM, wakuda uja ali m'mphepete mwa zitseko za galimoto, suopa nthunzi ndipo umapirira kutentha kopitirira madigiri 100. Wa silikoni umafika mpaka 200, koma ndi wodula ndipo umang'ambika msanga ukakodwa ndi thabwa polowetsa katundu. Pa uvuni wamba, wosafika madigiri 90, ine ndimasankha EPDM, makamaka wobowoka m'kati ngati paipi, chifukwa ukaupanikiza umabwerera. Kwa amene ali ndi uvuni wa dzuwa, chubu chakale cha lole, chodulidwa mizere n'kupindidwa pawiri, chimagwira ntchito ndithu.

Tsono apa ndi pamene amisiri anzanga ndimasiyana nawo. Amandifunsa kuti, "Achimwene, guluu wamphamvu ndi uti?" Ndimawayankha kuti mphira wa chitseko supachikidwa pa guluu. EPDM sagwirana bwino ndi zomatira zambiri, ndipo mphira wa silikoni umamva silikoni mnzake yekha. Chimene chimagwira ndi kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu kopanikiza mphirawo, komangidwa ndi masikuluwu osachita dzimbiri, motalikirana masentimita 10 kapena 15. Chomatira chimangobwera kudzatseka njira za nthunzi kuseri kwa mphira ndi m'makona.

Pogula silikoni wa m'chubu, mununkhizeni. Akamamveka viniga, musiyeni, chifukwa poyamba kuuma amatulutsa asidi yemwe uja tikuthawa. Funani wolembedwa kuti neutral cure, muwerengenso madigiri amene alembedwa pachubupo. Felemu muipale mpaka dzimbiri lonse lichoke, muipukute ndi sipiriti, ndipo mukamata mudikire tsiku lathunthu musanayatse moto. Changu cha maola ochepa pamenepa chimadya ntchito yonse.

Mphira usafinyike mpaka kuphwatalala. Kufinyika chigawo chimodzi mwa zitatu ndi kokwanira, kupitirira apo umafa msanga. Kuti ndidziwe ngati wakhala bwino, ndimatsekera kapepala pachitseko n'kukakoka. Kakatuluka mosavuta, pamenepo pali mpata, ndipo kawirikawiri vuto limakhala mahinjesi ofooka, osati mphira. Ndimazungulira chitseko chonse motero, chikhatho ndi chikhatho, ndisanalowetse katundu aliyense. Kunsi ndimagwada n'kuyesa kawiri, chifukwa madzi onse otsika pachitseko amakathera kumeneko, ndipo mphira wakunsi ndi umene ndimasintha kawiri wam'mbali ndisanaukhudze.