Atachimenti ya pa intaneti inandidyera ndalama ya usipa

Akonzi,

Ndipatseniko danga pa tsamba lathu lino ndinenepo za ana a ku yunivesite amene amaphunzira ntchito ali kumudzi, imene eni ake amati atachimenti.

Ine ndine msodzi wa kuno ku Kande, m'boma la Nkhata Bay. Mu 2022 mwana wanga wamkazi, amene ankaphunzira zokopa alendo pa yunivesite ina, anayenera kuphunzira ntchito miyezi itatu. Kale ana otere ankangolowa m'malo ogona alendo amene ali mbwee pakati pa Kande ndi Chintheche. Koma Covid-19, imene inatseketsa sukulu pa 23 March 2020, inathawitsanso alendo, malo ambiri n'kuchepetsa antchito. Choncho kampani ina ya ku Lilongwe inati azigwirira konkuno pa kompyuta, kuyankha makalata a alendo ndi kuwakonzera maulendo.

Ndinakondwa poti lendi ya m'tauni ndinaizemba. Sindinadziwe kuti ofesi yonse ndaisenza ndine. Mu January chaka chomwecho namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi akazima, mwanayo ankakwera kabaza kukatchajitsa kompyuta kwa munthu wa sola. Bandulo ya intaneti ankagula ndi ndalama ya usipa, ndipo mwera ukavuta, bwato osalowa m'madzi, nayonso ntchito inkaima. Kampaniyo sinapereke ndi tambala yomwe, koma tsiku lina netiweki itaduka pakati pa msonkhano anamulembera kuti ndi waulesi.

Chinandiwawa koposa ndi pakamwa pa anthu. Pomuona tsiku lonse pakhonde, maso ali pa kompyuta, anayamba kunong'ona mpaka kutchalitchi kuti anamuchotsa sukulu. Amayi ake anasiya kupita kuchigayo masana.

Zoona, anaphunzirako kulemba makalata a ntchito, ndipo sukulu anamaliza. Koma anafika pomaliza asanalandirepo mlendo maso ndi maso. Nanga mnzake wa ku Usisya, kumene msewu wake timaudziwa tonse, akanatani?

Pempho langa likupita kwa abusa ndi ansembe a m'mbali mwa nyanja muno. Kumene kuli sola pa mishoni, atsegulireni ana otere chipinda chimodzi pakati pa sabata, ndipo mulengeze paguwa kuti ali pa ntchito ya sukulu. Inunso a yunivesite, musanavomere kampani, ifunseni kaye kuti bandulo agula ndani.

Kholo lodandaula,
Kande, Nkhata Bay.