Chifukwa Chimene Mafumu a ku China Anasemera Buddha m'Matanthwe

Awerengi athu amene amaphunzitsa mbiri yakale adziwa kuti chipembedzo cha Buddha chinachokera ku India, ndipo chinafika ku China kudzera m'njira za amalonda. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti zifaniziro zake zazikulu za miyala zinabadwa m'chizunzo.

M'chaka cha 446, Taiwu, mfumu ya ufumu wa Wei wa Kumpoto, analamula kuti akachisi agwetsedwe, zifaniziro ziphwanyidwe, ndipo amonke aphedwe. Mdzukulu wake Wencheng atalowa ufumu mu 452, anabwezeretsa chipembedzocho. Tsono cha m'ma 460 mkulu wa amonke, Tanyao, anapempha chilolezo chosema mapanga asanu m'thanthwe la Yungang, pafupi ndi likulu la ufumuwo, kumene lero kuli mzinda wa Datong. Tanyao anali ataona kuti kachisi wa mitengo amapsa ndipo chifaniziro cha mkuwa chimasungunulidwa, koma phiri silitheka kuligwetsa. Akatswiri ambiri amanenanso kuti zifaniziro zazikulu za m'mapanga asanuwo zinkaimira mafumu a Wei eni ake. Motero wofuna kuphwanya Buddha akadakhala akuphwanya nkhope ya mfumu. Chimodzi mwa izo, cha Buddha atakhala pansi, n'chotalika mamita oposa 13.

Likulu litasamukira ku Luoyang mu 494, amisiri anayamba ntchito yomweyo ku Longmen. Kumeneko mfumu Xuanwu anasemetsa phanga la Binyang pokumbukira makolo ake, ndipo pakhoma pake panasemedwa mfumu ndi mfumukazi ali pamdipiti wokapembedza.

Komatu mwala nawonso umafuna mlonda. M'zaka za m'ma 1930, pamene dziko la China linali pachipwirikiti ndipo boma linalibe mphamvu, anthu anagoba zithunzi ziwirizo pakhoma, naziphwanya m'zidutswa, nazigulitsa kwa ochita malonda a zinthu zakale. Lero chithunzi cha mfumu chili m'nyumba yosungiramo zakale ku New York, cha mfumukazi chili ku Kansas City, ndipo pakhoma la Binyang patsala zipsera zokha.

Bungwe la UNESCO linaika Longmen m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 2000, ndi Yungang mu 2001. Zithunzi za Binyang zinakhala pakhoma zaka zoposa 1,400, koma zinachoka m'zaka zochepa chabe pamene panalibe wozilondera. Ogwira ntchito za boma ndi aphunzitsi aganizirepo pa zimenezi.