Jakisoni wokulitsa milomo: makolo tidziwe

Kale amayi a Chimang'anja a ku Shire ankaboola mlomo wam'mwamba n'kuikamo kachitsulo kapena kamtengo kotchedwa pelele, monga David Livingstone anawaonera m'chaka cha 1859. Mwambowo unatha. Koma lero mlomo wayambanso kuzunzika, ulendo uno ndi singano.

Fashoniyi inachokera kunja. Inafala zedi kuyambira mu 2015, pamene Kylie Jenner wa ku America anavomera poyera kuti anabayitsa milomo yake. Tsono ana athu aakazi ochokera ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, amene akugwira ntchito ku Lilongwe m'maofesi a ku City Centre, m'masitolo a ku Old Town kapena m'nyumba za ku Area 10 ndi Area 43, amaona zithunzi zoterezi pa Instagram ndi TikTok tsiku ndi tsiku. Mwana akaziona kawirikawiri, amayamba kunyansidwa ndi nkhope imene anabadwa nayo.

Mankhwala amene amabayidwa kawirikawiri ndi hyaluronic acid. Ndi olimbirako ngati uchi, ndipo amakoka madzi kuti mlomo utukuke. Pakapita miyezi 6 mpaka 12 thupi limawasungunula, choncho wofuna kukhalabe chomwecho ayenera kulipiranso chaka ndi chaka.

Ngozi yake ili apa: m'milomo mumadutsa mitsempha ya magazi. Singano ikalasa mtsempha, mankhwalawo amatseka njira ya magazi ndipo mnofu umayamba kufa. Nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, munthu amachita khungu. Dokotala wophunzira amasunga mankhwala ena otchedwa hyaluronidase osungunulira msanga zimene wabaya. Wobaya anthu kuseri kwa saluni alibe. Akabaya silicone ndiye zaipiratu, pakuti sasungunuka ndipo amasiya zotupa zolimba. Singano yobwereza nayonso imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. M'dziko muno madokotala amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo mankhwala amavomerezedwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Wobaya wopanda kalata amaika moyo wa mwana wathu pachiswe.

Nanga Deen yathu ikuti chiyani? Surat At-Tin imatiphunzitsa kuti Allah anamulenga munthu m'kaonekedwe kabwino koposa, ndipo Surat An-Nisa ndime 119 imatichenjeza kuti kusintha chilengedwe cha Allah ndi msampha wa Shaitan. Komabe Chisilamu sichiletsa kukonza chimene chawonongeka. Swahaba Arfajah atadulidwa mphuno kunkhondo, Mtumiki Muhammad (S.A.W.) anamulola kuika ya golide. Mu 2007 ma Ulama a International Islamic Fiqh Academy, atakumana ku Putrajaya m'dziko la Malaysia, anagamula chimodzimodzi: kuchotsa chilema n'kololedwa, koma kusintha chiwalo chabwinobwino pongotsata fashoni ayi. Choncho mwana wobadwa ndi mlomo wong'ambika tithamangire naye kuchipatala. Madokotala a bungwe la Operation Smile akhala akusoka ana otere kwaulere pa Kamuzu Central Hospital.

Abale ndi alongo, kukalipa kokha sikungathandize. Mwana wamkazi amene sanamvepo kwa mayi kapena bambo ake kuti ndi wokongola, adzafunsa foni. Akabwera kumudzi pa Eid, tikhale naye pamphasa, timve zimene akuona mumzinda, ndipo timufotokozere za mtsempha uja mofatsa. Amuna nafenso tileke kuyerekeza akazi athu ndi zithunzi za pafoni. Allah atisungire mabanja athu. Ameen.