Kanyama kodulidwa pa chotupa: kamakachita chiyani ku labotale?

Ambiri mwa ife m'magulu a achinyamata kwa Kawinga tinayezetsapo magazi, ndipo alangizi anatiuza kuti kachipangizo kaja kamafufuza ma antibody, zinthu zimene thupi limapanga likakumana ndi kachirombo ka HIV. Chimene sitimva kawirikawiri n'chakuti ma antibody amapangidwanso dala ku labotale kuti akhale zida zofufuzira matenda. Antibody iliyonse imamatirira pa chinthu chimodzi chokha. Mu 1975, Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge anapeza njira yopangira ma antibody ambirimbiri a mtundu umodzi kuchokera ku maselo a mbewa. Inde, mbewa zoweta zoyera, osati zija timakumba ku munda.

Thupi lathu ndi maselo, ndipo selo lisanagawikane pawiri limayenera kukopera DNA yake yonse, malangizo aja a m'kati mwake. Pa ntchitoyi pali puloteni yotchedwa PCNA, yooneka ngati mphete. Imazinga ulusi wa DNA n'kugwirizira chokoperacho kuti chisasomphoke, ndipo imathandizanso kukonza pamene DNA yawonongeka. Inadziwika mu 1978, pamene Kiyomitsu Miyachi ndi anzake anapeza kuti magazi a odwala ena a matenda a lupus ali ndi ma antibody olimbana nayo. Mu 1990 kunapangidwa antibody ya ku labotale yotchedwa PC10, imene ofufuza amagwiritsa ntchito pofuna kuona PCNA.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Khansa ndi maselo amene akugawikana osaleka. Dokotala akadula kanyama kochepa pa chotupa, a ku labotale amakacheka mopyapyala kwambiri, kukaika pa galasi, n'kuthirapo antibody. Pamene yamatirira pamasanduka mtundu wa khofi, ndipo pa maikulosikopu amawerenga maselo amene akuchulukana. Zipatala zambiri zimasankha puloteni ina, Ki-67, chifukwa PCNA imaonekanso m'maselo amene akungokonza DNA, zimene zingasokoneze kuwerenga. Pa khansa ya Burkitt, imene imatupitsa nsagwada kapena mimba za ana, pafupifupi selo lililonse limagwira mtunduwo.

Khansa ya Kaposi, ija ya mawanga akuda ndi kutupa miyendo, imavuta kwambiri anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Imayamba ndi kachirombo kena, HHV-8, kamene kanapezeka mu 1994, ndipo pali antibody yoonetsa ngati kachiromboko kali m'kanyama kaja. Mawanga akuda onse si Kaposi, n'chifukwa chake kuyang'ana ndi maso kokha nthawi zina sikukwanira. Ku Lilongwe, labotale yopima tinyama totere inatsegulidwa pa chipatala cha Kamuzu Central mu 2011 mothandizidwa ndi UNC Project.

Timamva zonena m'midzi: akuti kudula kanyama kumadzutsa matenda, ena akuti nyamayo amakagulitsa. Mantha amenewa amachedwetsa anthu miyezi yambiri ali kwa asing'anga, chotupa chikukula. Kanyamako n'kochepa zedi, amakadula atabaya jakisoni wochititsa dzanzi, ndipo kamathera pa galasi.

Zotsatira zimatha kutenga milungu ingapo, choncho m'bale wathu akatumizidwa kuchoka ku Ntaja kupita ku chipatala chachikulu cha Machinga ku Liwonde, tiyeni timperekeze, tifunse tsiku lobwerera, ndipo tionetsetse kuti lalembedwa m'buku lake la kuchipatala. Ngati ali pa ma ARV, asasiye kumwa podikira.